Chimfine chathu chikalowa m'nkhalango

Mukadzamva kuti pali anthu ophunzira bwino amene amalawirira m'mamawa kukatola ndowe za anyani m'nkhalango, musafulumire kuseka. Ntchitoyo ilipodi, ili ndi malamulo ake okhwima, ndipo zina mwa zimene tikudziwa lero zokhudza Edzi, Ebola ndi matenda a m'chifuwa zinachokera m'timabotolo ta anthu amenewa. Chibwerereni mliri wa Covid-19, pa ntchito yawo pawonjezereka funso lina: kodi kachirombo ka korona kangakhazikike mwa anyani am'tchire, kenako n'kubwerera kwa ife katasintha?

Yankho lake likukhudza ngakhale inu amene mumalondera chimanga kuti apusi asakuthyolereni. Koma tiyambe ndi nkhalango ina yakutali, kumene kachirombo ka banja la korona kanalowa mwa anyani zaka zitatu dzina la Covid-19 lisanamveke n'komwe.

Chifuwa cha ku Taï

Nkhalango ya Taï ili kumwera chakumadzulo kwa dziko la Côte d'Ivoire, kufupi ndi malire a Liberia. M'menemo mumakhala achimpanzi, anyani akuluakulu opanda mchira amene m'Malawi muno mulibe. A ku Taï ndi otchuka chifukwa amaswa zipatso za makoko olimba ndi miyala kapena zibonga, ndipo ana amaphunzira lusoli poonerera amayi awo. M'chaka cha 1979 Christophe Boesch ndi mkazi wake Hedwige anayamba kafukufuku wa achimpanziwa, ndipo panapita zaka nyamazo zisanazolowere kuona munthu pafupi osathawa. Kafukufukuyo akupitirira mpaka lero.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa makamaka ndi anthu a m'midzi yozungulira nkhalangoyo. Wotsatira achimpanzi amafika kusanache pansi pa mitengo imene nyamazo zagonamo, amayenda nazo tsiku lonse, ndipo amazisiya madzulo zitamanga zisa zatsopano. Chimpanzi aliyense ali ndi dzina, ndipo wotsatirayo amamudziwa nkhope monga inu mumadziwira mbuzi za m'khola mwanu. Amalemba m'kabuku kuti uje akutsokomola, uje sakudya, uje watsalira m'mbuyo. Chimpanzi akadzithandiza n'kuchokapo, iye amatapako pang'ono ndowezo, kuika m'kabotolo, n'kulembapo dzina la mwini wake ndi tsiku.

Chakumapeto kwa Disembala 2016 gulu limodzi la achimpanzi linayamba kutsokomola ndi kuyetsemula. Sichinali chimfine choopsa, ndipo mu Januwale 2017 chinatha chokha. Komabe ndowe za m'masiku amenewo zinayezedwa ndi Livia Patrono, Fabian Leendertz ndi anzawo a ku Robert Koch Institute, mumzinda wa Berlin ku Germany. Anapezamo kachirombo kotchedwa OC43, kamodzi mwa tizirombo ta korona timene timayambitsa chimfine wamba mwa anthu. Anayezanso pakhosi pa ogwira ntchito a pamsasa wa kafukufukuyo, ndipo kachirombo komweko kanapezeka mwa ena mwa iwo. Atayerekeza chibadwa cha ka mwa anthu ndi ka mwa achimpanzi, anaona kuti n'tofanana pafupifupi kotheratu. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2018.

Onetsetsani mbali imene matendawo analowera. Si achimpanzi amene anapatsira anthu. Anthu ndiwo anapatsira achimpanzi. Ndipo izi zinachitika pamalo amene ali ndi malamulo okhwima zedi: aliyense wofuna kulowa m'nkhalangomo amayamba wabindikiritsidwa masiku angapo, amavala masiki, amasintha zovala ndi nsapato, ndipo amaima pa mtunda wa mamita 7 kuchokera pamene pali nyama. Ngati kachirombo kanalumpha mpanda umenewo, nanga kuli bwanji kumene anyani amadya pa dzala limodzi ndi agalu ndi nkhuku?

Nanga bwanji anyani?

Tizirombo ta korona ndi banja lalikulu. Tambiri timakhala mwa mileme ndi mbalame, ndipo todziwika bwino kuti timadwalitsa anthu tilipo 7. Tinayi, kuphatikizapo OC43, timangobweretsa chimfine chimene mwina nanunso munadwalapo kangapo osadziwa dzina lake. Titatu totsalato ndiye toopsa. Ka SARS kanabuka ku China mu 2002, kanadwalitsa anthu pafupifupi 8,000 n'kupha pafupifupi 800. Gwero lake linali mileme, ndipo kanadzera mwa tinyama totchedwa civet timene tinkagulitsidwa tamoyo m'misika. Ka MERS kanadziwika ku Saudi Arabia mu 2012, ndipo anthu amakatenga kwa ngamila. Kachitatu ndi kaja tonse tikukadziwa, kamene kanatsimikizika m'Malawi muno pa 2 Epulo 2020, ndipo mu Januwale 2021 kanatilanda nduna ziwiri za boma tsiku limodzi.

Pa mndandanda umenewu palibe nyani. Ndiye n'chifukwa chiyani akatswiri akuthera nthawi ndi ndalama pa anyani, m'malo mongoyang'ana mileme?

Chifukwa chake ndi chibale. Kachirombo sikalowa m'thupi la nyama iliyonse. Kamafunika kupeza chitseko chimene kiyi wake angatsegule. Ka Covid-19 kamalowera pa kachinthu kotchedwa ACE2, kamene kamapezeka pa maselo a m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Mu 2020 Amanda Melin wa pa yunivesite ya Calgary ku Canada ndi anzake anayerekeza chitseko chimenechi mwa mitundu yambiri ya anyani. Anapeza kuti mwa achimpanzi, agorila ndi anyani a mu Africa ndi Asia amene anawaunika, malo 12 amene kachiromboka kamagwirapo ndi ofanana ndendende ndi athu. M'gulu limenelo muli abale enieni a nyani ndi pusi amene timawaona kuno.

Umboni sunachedwe kubwera. Mu Januwale 2021 agorila a kumalo osungirako nyama a San Diego Zoo Safari Park ku America anayamba kutsokomola, ndipo ndowe zawo zitayezedwa zinaonetsa Covid-19. Akuluakulu a malowo anakhulupirira kuti agorilawo anaitenga kwa wogwira ntchito wina amene anali ndi kachiromboka koma osamva kudwala kulikonse. Gorila wamwamuna wokalamba, Winston, anadwala chibayo mpaka kupatsidwa mankhwala, koma onse anachira. Chaka chotsatira, ku Brazil, kachiromboka kanapezeka mwa kanyani kakang'ono kongodziyendera mumzinda wa Cuiabá, kamene kanagundidwa ndi galimoto.

Kupita n'kubwerako

Mwina mukuti: ngati ndife tikupatsira anyani, vutolo ndi lawo, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza pa ulendo wobwerera. Kachirombo kakalowa mwa mtundu wina wa nyama n'kumafalikira m'menemo, kamasintha m'njira zimene sikakanasintha mwa anthu. Katemera wathu safikako, zipatala zathu sizikaona, ndipo tsiku lina kakhoza kubwerera ndi nkhope imene chitetezo cha m'thupi mwathu sichikuizindikira bwino.

Zoterezi zachitikapo kale. Ku Denmark alimi ankaweta tinyama totchedwa mink chifukwa cha ubweya wake. Mu 2020 anthu anapatsira tinyamati Covid-19, kachiromboka kanasintha m'makola, n'kubwerera kwa anthu. Mu Novembala chaka chomwecho boma linalamula kuti mink onse m'dzikomo, oposa 15 miliyoni, aphedwe. Ku America ndi ku Canada kachiromboka kanalowa mwa agwape am'tchire n'kufalikira pakati pawo. M'chigawo cha Ontario akatswiri anapeza mtundu wosinthika kwambiri mwa agwape, ndipo mtundu womwewo unapezekanso mwa munthu mmodzi amene anakhalapo pafupi ndi nyamazo. Mink a m'khola boma likhoza kuwapha, ngakhale zili zomvetsa chisoni. Agwape am'tchire, apusi kapena anyani palibe angawathe, ndipo si chinthu choti munthu wanzeru achiyesere.

Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa kawiri za kachirombo kochokera kwa anyani. HIV, imene anthu pafupifupi 1 miliyoni ali nayo m'dziko muno, inachokera ku kachirombo ka achimpanzi kotchedwa SIV. Amene anapeza kwawo kwenikweni kwa kachiromboka anali otola ndowe omwewa. Mu 2006 gulu la Beatrice Hahn linalengeza kuti, litayeza ndowe mazanamazana za achimpanzi am'tchire ku Cameroon, kachirombo kofanana kwambiri ndi HIV imene yafala padziko lonse linakapeza kumwera chakum'mawa kwa dzikolo. Akatswiri amati kanalowa mwa munthu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mwina kudzera m'magazi posenda nyama, n'kuyamba kufalikira mwakachetechete mumzinda wa Kinshasa. Edzi inadziwika mu 1981, ndipo wodwala woyamba kuno anapezeka mu 1985. Tawerengani zaka zimene zinadutsa pakatipo popanda wozindikira. Amene akuyeza anyani lero akufuna kuti ulendo wina zaka zoterozo zidzakhale miyezi kapena masabata.

Kwa ife chimfine, kwa iwo maliro

Achimpanzi a ku Taï anachita mwayi mu 2016, pakuti OC43 inawadutsa mofatsa. Sizikhala choncho nthawi zonse. Pakati pa 1999 ndi 2006 m'nkhalango yomweyo munagwa miliri ingapo ya m'chifuwa imene inapha achimpanzi, ndipo m'mapapo mwa akufawo munapezeka tizirombo tiwiri ta anthu, RSV ndi metapneumovirus, timene kwa ife timavutitsa makamaka makanda ndi okalamba. Ku Rwanda, mu 2009, metapneumovirus inapezeka mwa agorila awiri a m'mapiri amene anafa, wamkazi wamkulu ndi khanda. Ku Kibale m'dziko la Uganda, mu 2013, kachirombo ka chimfine wamba kotchedwa rhinovirus C kanapha achimpanzi 5 mwa 56 a gulu la Kanyawara, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka ziwiri. Ndipo m'miyezi yomwe ija a ku Taï ankayetsemula, gulu la Ngogo la ku Kibale komweko linataya achimpanzi 25.

Nyama zimenezi siziswana ngati mbuzi. Chimpanzi wamkazi amabereka kamodzi pa zaka pafupifupi zisanu, ndipo agorila a m'mapiri padziko lonse angopitirira pang'ono 1,000. Mliri umodzi ukhoza kufafaniza ntchito ya zaka zambiri yowateteza.

Pali chinthu china chimene Tony Goldberg wa pa yunivesite ya Wisconsin ndi anzake anazindikira ku Kibale, ndipo aliyense wogwira ntchito ya zaumoyo kumudzi achimvetsa msanga. Tizirombo timene tinkapha achimpanzi ndi tija timazungulira pakati pa ana aang'ono, ta mamina osatha aja. Mwana amadwala, bambo ake amatenga kachiromboko koma samva kanthu chifukwa thupi lawo linakazolowera kale, ndipo m'mawa amalowa m'nkhalango kukagwira ntchito akudziona kuti ali bwinobwino. Motero akatswiriwo anatembenukira ku masukulu a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, kukayeza ana ndi kulimbikitsa kusamba m'manja. Kuti ateteze chimpanzi, anayenera kuyambira pa mphuno ya mwana wa sukulu.

Dr Gladys Kalema-Zikusoka anaphunzira zomwezi kale ku Bwindi, ku Uganda komweko. Mu 1996, ali dokotala woyamba wa nyama m'bungwe loyang'anira nyama zakutchire m'dzikolo, anapeza banja la agorila likudzikanda mpaka kusosoka ubweya, ndipo kamwana kamodzi kanafa. Matendawo anali mphere. Anawalondola mpaka m'midzi yosauka ya m'mphepete mwa nkhalango, kumene agorila ankatulukira kukadya mitengo ya nthochi m'minda n'kumakhudza nsanza zimene alimi anaveka zidole zoopsezera nyama. Mu 2003 anayambitsa bungwe la Conservation Through Public Health, limene limaphunzitsa anthu ongodzipereka m'midzi kuyendera mabanja pa nkhani za zimbudzi, madzi aukhondo, mphere ndi TB, kwinaku likuyeza ndowe za agorila kawirikawiri. Mukaiona ntchito ya anthu ongodziperekawo, simungaisiyanitse kwenikweni ndi ya makomiti a zaumoyo a m'midzi mwathu.

Mmene amayezera, ndi pamene pali povuta

Simungauze chimpanzi kuti ayasamule mumupise kathonje pakhosi. Kumubaya mankhwala ogonetsa n'koopsa, chifukwa akhoza kugwa mumtengo, ndiponso gulu lonse likhoza kuyambanso kuthawa anthu. N'chifukwa chake ndowe zili zofunika chotere. Nyama ya chimfine imameza mamina ndi makhololo, ndipo zizindikiro za kachirombo zimatulukira ku chimbudzi. Tizirombo tina ta korona timaswananso m'matumbo momwemo. Chovuta n'chakuti zizindikirozi zimawonongeka msanga pakatentha, choncho kabotolo kamayenera kuziziritsidwa kwambiri kapena kuthiridwa mankhwala osungira nthawi yomweyo. Ku labotale amagwiritsa ntchito njira ya PCR, ija tinkaimva tsiku ndi tsiku pawailesi nthawi ya Covid-19. Nzeru yomweyi inagwirapo ntchito kuno: kuyambira mu 2020 akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ankatunga madzi a m'mitsinje ndi m'masuweji a mumzinda wa Blantyre n'kumayezamo kachirombo ka Covid-19, kuti aone mmene mliri ukuyendera popanda kuyeza munthu aliyense payekha.

Ku Taï afika potchera ngakhale ntchentche zimene zimatera pa nyama zakufa, chifukwa m'mimba mwa ntchentche mumatsala umboni wa nyama imene yadya ndi wa matenda amene nyamayo inali nawo. Njira imeneyi inathandiza kuonetsa mu 2017 kuti mtundu wina wa anthrax wakhala ukupha nyama zambiri m'nkhalangomo. Nyama ikapezeka yakufa, amaitumbula atavala zodzitetezera thupi lonse. Phunziro limeneli linabwera mowawa: mu Novembala 1994 mayi wina wofufuza wa ku Switzerland anadwala mtundu wa Ebola umene sunkadziwika, atatumbula chimpanzi wakufa ku Taï komweko. Anapulumuka, ndipo mtunduwo unapatsidwa dzina la nkhalangoyo. Ku Gabon ndi ku Congo-Brazzaville, pakati pa 2001 ndi 2003, kangapo konse agorila ndi achimpanzi anayamba kufa ndi Ebola anthu asanayambe kudwala, ndipo odwala oyamba nthawi zambiri anali alenje amene anatola nyama yofa yokha. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'nkhalango zimenezo zinachitika ndendende momwemo.

Koma tisadzinamize kuti anyani onse a mu Africa akuyang'aniridwa chotere. Amene amayezedwa ndi magulu ochepa ozolowera anthu, m'malo ochepa otchuka monga Taï, Kibale, Bwindi, Gombe ku Tanzania ndi mapiri a Virunga. Ndalama zambiri zimachokera kunja, ndipo kwa nthawi yaitali timabotolo tinkayenera kuwoloka nyanja kuti tikayezedwe, zotsatira n'kumabwera mliri utatha kale. M'kuona kwanga palinso kukondera: chidwi chachikulu chili pa agorila ndi achimpanzi, amene amabweretsa madola, pamene nyani wa pamsewu ndi pusi wa pa hotela, amene amalandira chakudya m'manja mwa anthu tsiku lililonse, amangoyezedwa mwa apo ndi apo. Chonsecho ndiwo amene akhoza kukhala oyamba kutola chimene ife tataya.

Pamene zipata zinatsekedwa

Mu Malichi 2020 maiko a Rwanda, Uganda ndi DR Congo anatseka malo oonerako agorila poopa Covid-19. Bungwe la IUCN linalangiza kuti mtunda wa pakati pa munthu ndi nyamazi uchoke pa mamita 7 ufike pa 10, aliyense avale masiki, ndipo wodwala asalowe n'komwe. Malangizowa ankafunikadi. Akatswiri a pa yunivesite ya Oxford Brookes ataunika zithunzi zoposa 800 zimene alendo anaika pa Instagram, anapeza kuti ambiri anajambulitsa ali pa mtunda wosaposa mamita 4, ena mpaka atagwira nyamazo.

Koma kutsekako kunabala mavuto ena. Ku Rwanda chiphaso choonera agorila ola limodzi lokha ndi madola 1,500, ndipo gawo la ndalama za alendo limapita ku midzi yozungulira, kukamangira masukulu ndi zipatala. Alendo atasiya kubwera m'maiko onsewa, onyamula katundu, ogulitsa ziboliboli ndi ophika anasowa pogwira, ndipo ena anabwerera kukatchera misampha. Mu Juni 2020 gorila wotchuka wa ku Bwindi, Rafiki, mtsogoleri wa banja la Nkuringo, anabayidwa ndi mkondo ndi munthu amene analowa m'nkhalango kukasaka nyama zina. Khoti linalamula munthuyo kukakhala kundende zaka 11. Rafiki sanafe ndi Covid-19, komabe ambiri anaona imfa yake ngati chotsatira cha mliriwo.

Musaphe mlonda

Nkhani ngati ino ili ndi ngozi yake: wina akhoza kuiwerenga theka n'kuthamangira legeni. Zinachitikapo ku Brazil. Pakati pa 2016 ndi 2018 kunabuka matenda a yellow fever, anyani ambiri anafa, ndipo anthu ena mwamantha anayamba kupha otsalawo ndi miyala, ndodo ndi poizoni. Pamene yellow fever imafalitsidwa ndi udzudzu, osati nyani. Anyani amangoyamba kufa msanga, ndipo imfa yawo ndi imene imauza a zaumoyo kuti kachirombo kafika dera lakutilakuti, athamangitsireko katemera. Kupha anyaniwo kunali ngati kupha galu amene akuuwa akuba. Kumeneko bungwe la Fiocruz lili ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa SISS-Geo, imene mlimi kapena mphunzitsi amajambulira nyama yodwala kapena yakufa n'kutumiza chithunzicho pamodzi ndi malo ake. Mu 2022 anyani anagendedwanso ku Brazil chifukwa cha dzina chabe la matenda a monkeypox, amene panthawiyo ankafala pakati pa anthu okhaokha. Kumapeto kwa chakacho bungwe la WHO, poona kusalana kumene dzinalo linkabweretsa, linalisintha kukhala mpox.

Kuno kwathu

Tilibe achimpanzi, koma tili ndi anyani, apusi, nchima ndi achanga, ndipo timakhala nawo moyandikana kuposa mmene mlendo wa ku Bwindi amaloledwera kuyandikira gorila. Amene munakwerapo phiri la Zomba kapena kufika ku Cape Maclear mukudziwa mmene anyani amadikirira chakudya m'mbali mwa msewu. Amene muli ndi minda kufupi ndi Liwonde, Kasungu, Nkhotakota kapena m'tsinde mwa phiri lililonse mukudziwa kuti nyengo ya mondokwa ana ena amajomba kusukulu kukaingitsa apusi. Mkwiyo wa mlimi amene walimira anyani ndi womveka, ndipo palibe nkhani ya zaumoyo imene ingauthetse. Koma mipata imene matenda angadutsire ndi yodziwika, ndipo yambiri tikhoza kuitseka tokha.

Tiyambe ndi dzala. Ku Kenya, m'zaka za m'ma 1980, Robert Sapolsky anaona anyani aamuna ambiri a gulu limene ankalifufuza akufa ndi TB ya ng'ombe, imene anaitenga ku nyama yodwala yotayidwa pa dzala la malo ena ogona alendo. Dzala la pasukulu yogonera konko, la pachipatala, la pamsika kapena la pa malo ogona alendo likakhala losakwirira, ndiye mbale imene tikudyera limodzi ndi anyani. M'menemo muli zotsala za chakudya chimene talumako, mapepala ominira, matewera ndi masiki akale. N'chimodzimodzinso kudzithandiza patchire, kapena kuponyera nyani nthochi yolumako pawindo la minibasi kuti ana aseke.

Kenako pali kapusi ka pachingwe. Ambiri timakaona ngati choseweretsa, koma kuti kamwanako kapezeke, mayi ake nthawi zambiri amakhala ataphedwa, ndipo malamulo a dziko lino salola kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo. Kapusi kotere kamapuma mpweya umodzi ndi ana anu, kamadya m'mbale zawo, ndipo kakakula n'kuyamba kuluma, eni ake amangokamasula kuti kabwerere kutchire ndi chilichonse chimene katenga m'nyumbamo. Ku Lilongwe Wildlife Centre, kumene amalandira anyani ndi apusi olandidwa kwa anthu, nyama yatsopano imayamba yasungidwa payokha ndi kuyezedwa, ndipo pamapita nthawi yaitali isanaloledwe kubwerera kutchire, monga ku Kasungu National Park. Ngati muli nako kapena mukudziwa kumene kali, uzani a nthambi yoona za nyama zakutchire, osati kukamasula nokha.

Nyani kapena pusi akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likuoneka laling'ono. Achipatala ndiwo aone ngati pakufunika katemera wa chiwewe kapena wa kafumbata.

Ndipo mukadzapeza anyani kapena apusi angapo atafera malo amodzi, kapena gulu likutsokomola, kufooka ndi kulephera kukwera mitengo, dziwani kuti mwaona chinthu chimene otsatira achimpanzi a ku Taï amayendera tsiku lonse kuti chisawaphonye. Musagwire, musasende, musapatse agalu, ndipo ana asayandikire. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani muli patali. Sungani tsiku, malo enieni, chiwerengero cha nyamazo, ndiponso ngati m'mudzimo muli anthu kapena ziweto zimene zadwala m'masiku omwewo. Kenako kauzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mlangizi wa ziweto kapena alonda a nkhalango, ndipo apempheni kuti uthengawo aufikitse ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lanu.